Tsiku limene injini inakana kulira pa Khwekhwerere

Pali misewu ina imene munthu umadutsa uli m'tulo n'kudzidzimuka utafika kale. Wa Khwekhwerere si wotero. Ukangopatuka pa Masasa, kusiya msewu wa M1 kummwera kwa boma la Dedza n'kuloza kum'mawa, tulo timabalalika tokha. Poyamba umadutsa m'minda ya kachewere ndi chimanga, kamphepo kakukulowa m'mafupa. Kenaka dziko limangothera pamaso pako ngati wina walidula ndi chikwanje, ndipo pansi penipeni pamaoneka chigwa chonse cha Golomoti. Kukakhala kopanda nkhungu, nyanja imaonekera chapatali ikung'anima ngati malata atsopano.

Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamene pamalekezera madzi a nyanja zamchere, pamene Nyanja ya Malawi siifika ndi mamita 500 omwe. Kusiyana konseko, mamita oposa 1,000, mbali yake yaikulu umaitsika pa msewu umodziwu, ukukhotera uku ndi uku. Makutu amatseka. Juzi imene unavala pa Masasa umaivula usanafike pansi. Ndipo ngati galimoto yako ili ndi kachilema kamene yakhala ikubisa, Khwekhwerere amakaulula.

Ife tinatsika msewuwu Loweruka lina m'mwezi wa Okutobala, pa ulendo wa ku Monkey Bay kuchinkhoswe cha achimwene anga. Eni akewo anali atatsogola dzulo lake. Otsala tinali amayi, ine, msuweni wanga, ndi amalume, omwe ndiwo anali nkhoswe ya kuchimuna. Mwambo unali woti uyamba 2 koloko masana, ndipo amene munapitako kuchinkhoswe mukudziwa kuti akhoza kusowa woimba nyimbo, akhoza kusowa wojambula, koma popanda nkhoswe palibe chimene chingayambe. Kumbuyo kwa pikapu tinali titakweza matumba awiri a kachewere, makabichi, khasu ndi nkhwangwa zatsopano, komanso tambala wofiira womangidwa miyendo, woti akaperekedwe kuchikazi. Ine ndi msuweni wanga tinakhala kumbuyo komweko, tambala ali pakati pathu.

Pikapuyo ndi Nissan 1400 ya m'zaka za m'ma 1980, imene amalume anabwera nayo kuchokera ku Joni komwe ankagwira ntchito. Timagalimoto timeneti tinkapangidwa ku Rosslyn, pafupi ndi Pretoria, mpaka 2008, ndipo kumeneko anatipatsa dzina lakuti Kanniedood, kutanthauza chinthu chosafa. Amalume amakonda kutchula dzinali aliyense akaseka dzimbiri la pa chitseko. Injini yake ndi ya masilinda anayi, ya kabuleta, yopanda kompyuta iliyonse. Ukatsegula boneti umatha kuona pansi kudzera m'mbali mwa injini, malo ali mbee, osati zamasiku ano zodzaza mapulasitiki.

Chapakati pa phiri pali malo amene aliyense wodutsa koyamba amaima. M'mbali mwa msewu amisiri amayala timagalimoto tosema ndi mitengo: ma Land Rover, mathirakitala, njinga, ndege. Si zidole wamba ayi. Zitseko zimatseguka, mateyala amazungulira, ndipo pa ena ukapotoza chiwongolero mateyala akutsogolo amakhota. Amayi anati tiime agule kanjinga ka mdzukulu wawo. Amalume anapatukira pambali, n'kukoka handibuleki, n'kuzimitsa injini. Inali 9 koloko isanakwane bwino, nthawi inalipo yambiri.

Titakweranso, amalume anapotoza kiyi. Sitata inazungulira mwamphamvu ndithu, koma injini osagwira. Anayesanso. Zomwezo. Kachitatu anapondaponda mafuta, fungo la petulo n'kutifika kumbuyo kuja. Kenaka kunangoti zii, kumangomveka anyenje.

"Pali amene sakufuna ukwati umenewu," anatero amayi, maso ali kutsogolo.

"Achemwali, musayambe zimenezo. Ichi n'chitsulo," anayankha amalume akutsika.

Msuweni wanga anali atalumpha kale. "Malume, tingoikankha. Onani mtsetse wonsewu, ilira yokha imeneyi."

Aliyense wa ife anakulira m'dziko lokankha magalimoto, ndiye maganizo amenewa amabwera msanga. Koma amalume anakana, ndipo chifukwa chake n'choyenera kuchisunga. Kukankha kumathandiza pokhapokha vuto likakhala lakuti injini sikuzungulira, kaya batire yafooka kaya sitata yafa, pakuti mateyala amagwira ntchito imene sitata ikanagwira. Koma ngati sitata ikuzunguza injini bwinobwino ndipo sikugwirabe, ndiye kuti chikusowa n'china, ndipo ngakhale muikankhe mpaka ku Golomoti silira. Choopsa china n'chakuti magalimoto ambiri mabuleki ake amathandizidwa ndi mpweya umene injini imakoka. Injini ikakhala chete, ukaponda kawiri katatu buleki imauma gwa. Pamalo athyathyathya zimenezo n'zongotukwanitsa, koma pa Khwekhwerere, ndi katundu kumbuyo, kutsogolo kuli kona ndi phompho, ndi nkhani ya maliro. M'malo mokankha, anatituma kukatola miyala yoika kunsi kwa mateyala.

Amalume ali ndi kafufuzidwe kawo, ndipo amayamba ndi khutu. Ukapotoza kiyi n'kungoti zii, kapena kumveka kuti "tha" kamodzi, kapena sitata n'kumazungulira mwaulesi ngati munthu wodzuka ndi matsire, yang'ana batire. Yatsa nyale zakutsogolo, wina azione pamene ukupotoza kiyi: zikazimiratu, batire yatha mphamvu kapena mitu yake siikugwira bwino. Nthawi zambiri ndi mitu yomweyo, itamera ufa woyera uja, ndipo kuipala ndi kuimanga bwino kumatha nkhani. Batire yodzaza imaonetsa mavoti 12.6 pa mita. Yathu inalibe mlandu, chifukwa sitata inkathamanga. Anangochenjeza kuti tisaizunguze nthawi yaitali, masekondi 10 akwana kenaka ipume, kuopa kuti tingaphe batire yabwinobwino n'kukhala ndi mavuto awiri.

"Injini ya petulo imafuna zinthu zitatu basi," anatero akumasula kanati ka pamwamba pa chivindikiro cha eyakilina. "Mafuta, mpweya ndi moto. Chimodzi chajomba. Tiona kuti n'chiti."

Mpweya sunavute, sefa yake inali ya fumbi koma yosatsekeka. Mafuta anawayesa mosavuta kwambiri moti ndinadabwa. Anandiuza kuti ndisuzumire kukhosi kwa kabuleta, iwo n'kukoka ndi dzanja kachitsulo kamene kamalumikizana ndi chopondera mafuta. Kamtsinje kakang'ono ka petulo kanathovoka m'katimo. Ndiye kuti thanki ili ndi mafuta, pampu ikukoka, fyuluta siinatsekeke. Akanapanda kuoneka, tikanayamba kutsata paipi chobwerera m'mbuyo, chifukwa magalimoto akalewa kukatentha petulo amatha kuwira m'paipi n'kusanduka nthunzi, pampu n'kumangokoka mpweya. Mankhwala ake ndi kudikira kuti izizire kapena kuika kansalu konyowa pa pampu. Koma ife mafuta analipo, ochuluka mwina kuposa ofunika.

Kunatsala moto. Amalume anazula waya wonenepa wa pakati pa chivindikiro cha disitibyuta, umene umachokera ku koyilo, n'kuupana ndi kamtengo kouma, nsonga yake itayandikira chitsulo cha injini osakhudza. Msuweni wanga anapotoza kiyi. Pamayenera kudumpha kamoto kabuluu kolira kuti "tha tha tha". Sipanaoneke kanthu.

Apa m'pamene nzeru za amalume zinathera, ndipo ananena okha. Ankadziwa kuti vuto lili pakati pa kiyi, koyilo ndi disitibyuta, koma makaniko wawo wa ku Dedza ndiye amagwira zimenezo, ndipo foni yake inkangoitana. Ine ndinatulutsa yanga kuti ndifunse YouTube. Netiweki ya pamenepo imabwera ndi mphepo n'kupita ndi mphepo. Kanema anangozungulira pa sekondi yachitatu mpaka ndinamusiya. Mauthenga a pa WhatsApp okha ndiwo ankalowa, onse a achimwene: "Muli pati?" "Akuchikazi ayamba kufunsa." "Tambala ali bwino?"

Tambala sanali bwino kwenikweni. Dzuwa linali litakwera, iye ali kukamwa yasa. Amayi anamutsitsa, n'kumuika pamthunzi, n'kumamumwetsa madzi a m'botolo ndi kachivindikiro. Kufika kuchinkhoswe mochedwa n'kolipitsa, koma kufika ndi tambala wakufa sindikudziwa kuti amalume akanayamba ndi mawu ati.

Mmodzi wa anyamata ogulitsa zosema anaimbira mnzake wa ku Golomoti, ndipo patatha mphindi ngati 40 tinamva njinga yamoto ikubuula pokwera phiri. Anatsika mnyamata wa msinkhu wanga, ovolosi yoyera bwino, kachikwama kumsana. Atapereka moni anagwada pansi pa chiwongolero n'kuyamba kufufuza ndi tochi ya foni, kachipangizo kena kali m'manja.

"Mukufuna chiyani, achimwene?" anafunsa amalume.

"Pobayira makina, bwana. Kuti indiuze pomwe pavuta."

"Imeneyo siyankhula ndi foni. Inabadwa foni za m'manja kusanabwere."

Tinaseka tonse, iye yemwe. Musamuone ngati wosadziwa ntchito. Ma Sienta, ma Vitz ndi ma Mira amene adzaza m'misewu yathu ali ndi kompyuta, ndipo kachipangizo kake kaja ukakabaya kamatumiza ku foni nambala yosonyeza chimene chadwala. Pa magalimoto amenewo mnyamatayo ndi dokotala. Anandiuza kuti mfundo ndi yomweyo ya amalume, kungoti zizindikiro zimasiyana: ukatsegula kiyi umayenera kumva pampu ya mafuta ikung'ung'udza kumbuyo kwa masekondi awiri, ndipo ikakhala chete uyambe ndi mafyuzi, kanyale ka kiyi kakamaphethira ndiye kuti galimoto siikuizindikira kiyiyo, ndipo kasensa kowerenga kuzungulira kwa injini kakafa, moto subwera ngakhale zonse zili bwino. Koma disitibyuta ya mapointi anavomera kuti anangoiona pa bolodi kusukulu ya ntchito zamanja.

Chimene anali nacho chothandiza ndi kababu koyesera magetsi, kokhala ndi waya ndi kopanira. Anakagusitsa ku mbali ya koyilo yolandira magetsi, kiyi ali wotsegula, ndipo kanayaka. Ndiye kuti kuchokera ku batire kudzera pa kiyi zonse zili bwino. Anakasamutsira ku mbali inayo, yopita ku disitibyuta, msuweni wanga n'kuzunguza injini. Sikanayake. "Koyilo yapsa," anatero mnyamatayo, n'kuyamba kuwerengera kuti ina ingapezeke ku Dedza kapena ku Salima. Mtima wanga unagwa. Kupita ndi kubwera pa njinga, 2 koloko ikanatipeza tili pomwepo.

Nthawi yonseyi panali bambo wina wachikulire atakhala pa chitsa chapafupi, akupala kateyala ka thirakitala ndi sandipepa, osayankhula. Anaika pansi ntchito yake n'kubwera mwakachetechete.

"Pepani bwana, ndilowerere pang'ono. Kababuko kamayenera kuphethira injini ikamazungulira. Ngati sikakuyaka n'komwe, musathamangire koyilo. Tatsegulani apa."

Anatiuza kuti paunyamata wake anayenda zaka zambiri ngati wothandizira dalaivala pa malole, asanabwerere kumudzi kudzasema. Anamasula timapanira tiwiri ta chivindikiro cha disitibyuta ndi chala, n'kuyang'ana m'kati mwake ngati muli mng'alu kapena chinyezi, n'kuuza msuweni wanga kuti agunde sitata pang'ono. Rota inazungulira, kusonyeza kuti tcheni cha m'kati mwa injini chili bwino. Anaizula rotayo, n'kutiitana kuti tiyandikire.

Pansi pake pali tizitsulo tiwiri tokhudzana nsonga, tating'ono ngati mitu ya machesi. Amenewo ndiwo mapointi. Madalawo anafotokoza motere, ndipo sindinamvepo mphunzitsi wa sayansi akufotokoza bwino chonchi: tizitsuloti tikagwirana, magetsi a batire amadutsa mu koyilo n'kuidzaza mphamvu. Pakati pa disitibyuta pali kamtengo kachitsulo ka makona anayi, kona imodzi silinda imodzi, ndipo kona iliyonse ikamadutsa imakankha kapointi kamodzi kuti kasiyane ndi kanzake. Pa kusiyana pomwepo magetsi amaduka mwadzidzidzi, ndipo koyilo imalavula mavoti masauzandemasauzande opita ku pulagi. Moto umabadwa pa kutseguka, osati pa kutsekeka. Mapointi akapanda kutseguka, koyilo imangomwa magetsi n'kumatentha, osatulutsa kanthu. Anatiuza kuti tiikhudze. Inali yotentha ngati mbatata yochokera paphulusa.

Kiyi atatseka, giya ili pa fili, miyala ili kunsi kwa mateyala, anazunguza injini pang'onopang'ono ndi sipanala mpaka kona imodzi inafika pokankha penipeni. Mapointi sanasiyane ngakhale mpata wolowa tsitsi. Kasikuluwu kogwira kapointi kapansi kanali katakhwefuka, ndipo kapulasitiki kamene kona imakankha kanali katadyeka.

"Siinayambe lero imeneyi," anatero madalawo. "Sikuti imadukiza mukamakwera mtunda?"

Amalume anavomera kuti kwa masabata angapo inkachita ngati yatsamwa, iwo n'kumaganiza kuti ndi mafuta oipa. Mpata unkachepa pang'onopang'ono, ndipo kugwedezeka kwa m'makona a Khwekhwerere kunangomaliza ntchito.

Zida zimene zinatipulumutsa zinali sikuludiraiva ya mnyamata uja ndi bokosi la machesi la madalawo. Anang'amba mbali yokhwatchitsira ija n'kuipititsa kangapo pakati pa mapointi kuchotsa zakuda zopserera, kenaka n'kupukuta ndi kapepala koyera kuti pasatsale mchenga. Mpata woyenera pa injini imeneyi ndi pafupifupi theka la milimita, ndipo amakaniko ali ndi timasamba tachitsulo toyezera. Iwo anagwiritsa ntchito katoni ya bokosi lomwelo, imene kukhuthala kwake sikusiyana kwambiri ndi muyezowo. Anasuntha kapointi mpaka katoniyo inkalowa mokhudza pang'ono, n'kumanga sikuluwu, n'kuyezanso chifukwa pomanga mpata umatha kusuntha. Anatapa kadontho ka girizi pa nsonga ya kamtengo n'kupaka pa makona aja. Mnyamata wa ku Golomoti anali atatulutsa foni akujambula zonse, ndipo anapempha madalawo kuti abwereze poyeza paja.

Anagusitsanso kababu kaja, ndipo ulendo uno kanaphethira. Waya wa koyilo unalavula moto wabuluu womveka ndi kulira komwe. Madalawo anati ukanakhala wofiirira ndi wofooka, kwinaku mapointi akuthetheka kwambiri, akanakayikira kondensa, kambiya kakang'ono ka m'mbali mwa disitibyuta kamene kamateteza mapointi kuti asapse. Anabwezera rota ndi chivindikiro, osasokoneza mawaya a mapulagi, pakuti ali ndi ndondomeko yake, 1-3-4-2, ndipo ukawasinthanitsa injini imangowomba ngati mfuti.

Amalume analowa n'kupotoza kiyi. Inazungulira, n'kutsokomola kamodzi, n'kuzima. Amayi anayamba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi.

"Yamwa mafuta ambiri muja mumapondaponda," anatero madalawo. "Pondani mpaka pansi, mugwire pomwepo, osapopa."

Kuponda mpaka pansi kumatsegula khosi lonse la kabuleta kuti mpweya wambiri ulowe n'kuumitsa mapulagi onyowa. Sitata inazungulira masekondi asanu kapena asanu ndi limodzi, injini n'kugwira silinda imodzi, kenaka ziwiri, kenaka zonse, utsi wakuda uli tolotolo kumbuyo. Anyamata a zosema anaimba m'manja. Tambala, kaya ndi mantha kaya n'chiyani, analira ali chigonere pamthunzi paja.

Mnyamata uja anapatsidwa ya mafuta a njinga ndi ya ntchito. Madalawo anakana ndalama, amvekere sanagwire ntchito yoti n'kulipidwa, ndiye amalume anagula Land Rover yaikulu kuposa zonse pa mtengo umene anatchula koyamba, osanenerera. Ndinaitsegula boneti tili m'njira. M'kati anasemamo kainjini, ndi timawaya tinayi topita ku mapulagi.

Tinanyamuka 12 koloko itadutsa, amalume akutsika ndi giya yachiwiri kuti injini izigwira galimoto m'malo motentha mabuleki. Pansi pa phiri ndi dziko lina. Mitengo ya malambe imayamba kuoneka, mpweya umakhala wolemera ndi wotentha, ndipo pa Golomoti msewu umakumana ndi wa M5 wochokera ku Salima kupita ku Balaka, njanji ili chapafupi. Pamenepa mpamene pali munda wa magetsi a dzuwa wa mamegawati 20 umene unayamba kugwira ntchito mu 2022, wokhala ndi mabatire akuluakulu osungira magetsi. Msuweni wanga anati tikanakhala ndi imodzi mwa amenewo bwenzi tikuzunguza sitata mpaka mawa. Mukakhala ndi nthawi, khoterani kumpoto pang'ono mukaone Mua, mishoni imene ansembe a White Fathers anaikhazikitsa mu 1902, komwe kuli malo a zachikhalidwe a KuNgoni amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Ife nthawi tinalibe. Amalume anaima pa Golomoti kuti tigule madzi ozizira, koma injini sanaizimitse, ndipo palibe anafunsa chifukwa chake.

Kuchoka apo msewu wa M10 umadutsa m'chigwa cha Bwanje, mowongoka, mbuzi zikudumpha pamene zafunira, mpaka kukakumana ndi msewu wochokera ku Mangochi. Mapiri a miyala a ku Monkey Bay anayamba kuoneka 2 koloko itapitirira kale. Kudoko la kumeneko n'kwawo kwa Ilala, sitima imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, ndipo amalume sanalephere kutikumbutsa kuti poyerekeza ndi imeneyo, pikapu yawo ndi kamwana.

Tinapeza anthu atakhala kale m'matenti, zokuzira mawu zikulira, achimwene thukuta lili kamukamu mu shati yofanana ndi diresi ya alamu athu. Azimayi akuchikazi anatitchingira pachipata ndi chitenje, amvekere ochedwa salowa ulele. Amalume anayesa kufotokoza za mapointi, manja akuda ndi girizi ali m'mwamba ngati umboni, koma mayi wina wamkulu anawadula: "Zimenezo mukauze amakaniko anzanu, bambo. Apa ponyani kaye m'lichero." Anaponya, n'kupempha madzi ndi sopo, n'kuvala jekete. Tambala anaperekedwa ali moyo, akuphupha m'manja mwa nkhoswe ya kuchikazi, ife n'kulandira msoti wathu.